Malata Aja Ali ndi Matayala Anayi

Tembisa,
Joni.

Okondedwa Achimwene,

Uthenga wanu wofunsa ndalama za malata ndinaulandira. Musapse mtima, malata aja alipo ndithu, kungoti amera matayala anayi.

Ndagula galimoto, achimwene. Si ija munkanena yonyamula matumba a chimanga ayi. Ndi Golf 7 GTI yapakaunjika, yofiira psuu. Anyamata kuno amaitcha "vrrr phaa", chifukwa ikamasintha giya yokha imaphulitsa kumbuyo ngati munthu amene wadya nyemba zosapsa.

Sindinangogula mwachimbulimbuli. Toyota GR Yaris ndinaisiya poona kuti zitseko zolowera anthu ndi ziwiri zokha, nanga agogo ndi ndodo yawo akanalowera pati? Polo GTI, yomwe amaipanga konkuno ku Kariega, inali yotsikirako mtengo, koma mbava za kuno zimakonda Polo kuposa mwini wake. Honda Civic Type R nayo ili ndi chiphiko kumbuyo ngati thandala loyanikapo mbale.

Yangayi injini yake ndi ya malita 2 yokhala ndi turbo, ndipo imatha kufika makilomita 250 pa ola. Tsoka lake, pa N1 malire ndi 120, ndipo makamera a apolisi sagona. Andijambula kale kawiri. Chibadwire sindinalipirepo chithunzi chodula chotero, chonsecho nkhope yanga sikuonekamo.

Ndiye Loweruka lina ndinapita ku Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, pa tsiku lomwe ife anthu wamba timaloledwa kuthamanga pabwalo la mpikisano. Chipewa cholimba ndinachita kubwereka. Powongoka ndinali mkango, koma pakona ndinasanduka mwana wa mbuzi pamatope. Mdala wina waimvi, pa Citi Golf yakale zija anasiya kupanga mu 2009, anandipitirira katatu, kachitatuko akundibayibitsa. Titatsika anandiuza kuti buleki amaponda asanafike pakona, osati pakati pake uku ukuitana mizimu ya makolo.

Pofika madzulo mabuleki ankanunkha ngati nsima yopserera, matayala akutsogolo atasalala ngati dazi la amalume, ndipo petulo wa 95 anali atapita ngati thobwa la pamaliro. Mawa lake ndi pamene ndinawerenga bwino pepala la inshuwalansi yanga: ngozi ya pabwalo lija salipira. Ndinakhala pansi kaye.

Mu Disembala ndikubwera nayo kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza. Vuto ndi lakuti mimba yake imatsala pang'ono kukhudza pansi, choncho pakamsewu kathu kaja siikadutsapo. Uzani anyamata akwirire maenje kuyambira pachigayo mpaka pachitsime, apo ayi mukonzeretu ng'ombe ziwiri ndi chingwe. Za katundu musayembekeze zambiri, kubuti kwake kukalowa matumba awiri ndiye kuti kwadzaza.

Ndaphunzira kuti galimotoyi imathamanga, koma ndalama zake zimathamanga kuposa iyo. Pamene denga likudontha ikanipo kaye beseni, malata tidzaona chaka chamawa. Amayi muwapatse moni, koma za mtengo wa matayala musawauze, BP yawo mukuidziwa.

Ndine mng'ono wanu,
Mtchona wa vrrr phaa.