Makochi a kunja kwa mzere

Kale ku Kapata mwana akapezeka akumenya chimpombwa m'fumbi, kunyumba kunkamudikira chikwapu. "Mpirawo udzakudyetsa?" Kenaka Fashion Sakala, mwana wobadwira konkuno ku Chipata, anatenga chikho cha Africa cha anyamata osapitirira zaka 20 mu 2017, limodzi ndi Patson Daka ndi Enock Mwepu, ndipo mu 2021 anakasaina ku Rangers ya ku Scotland. Chiyambire pamenepo, bambo aliyense akayang'ana miyendo ya mwana wake amaona penshoni. Loweruka makolo ali mbwee m'mbali mwa bwalo, ndipo kochi, munthu wosalandira ngakhale ngwee imodzi, ndiye ali pamoto.

*

Bambo wina anagulira timu mpira watsopano. Tsoka ilo, mwana wake amathamanga ngati akupita kumaliro a munthu wosamudziwa, ndiye kochi anamukhazika pabenchi. Masewero ali mkati, bamboyo analowa m'bwalo n'kutola mpira uja.

"A kochi, mpirawu ndi wa pakhomo panga. Mwana wanga akakhala pansi, nawonso ukhale pansi."

Mwanayo anamulowetsa. Anasewera mpaka kherere womaliza, mpira wa bambo ake osaukhudzako.

*

Pa mpikisano wa ana osapitirira zaka 13, timu ina inabwera ndi nambala 9 wa mawu a besi. Refa anaitana kholo lake.

"Bambo, mwanayu ali ndi zaka zingati?"

"Zaka 12."

"Nanga ndevuzi?"

"N'za kumtundu. Kwathu timamera msanga."

Refa anagwedeza mutu n'kuimba kherere. Posakhalitsa kamwana kena kanafuula m'khamumo: "Atate! Amayi akuti mukamaliza mugule matimati kumsika!" Anthu anayang'anana, kufuna kuona mwini uthenga. Amene anayankha kuti "Chabwino!" ndi nambala 9.

*

Mnyamata wina analandira mpira pafupi ndi golo. Kochi akuti "Pasa!" Bambo ake akuti "Menya!" Amalume akuti "Chenga!" Amayi ake akuti "Samala mwendo, mawa kuli kumunda!" Mwanayo anaponda mpira, n'kutembenukira kunja: "Tagwirizanani kaye." Pamene akuluakulu ankagwirizana, anyamata a ku Mchini anaulanda n'kukagoletsa. Madzulo ake nkhani inali yakuti kochiyu sadziwa ntchito.

*

Koma si kholo lililonse limawononga. Timu ina inali kutsogola 1-0, refa n'kupereka penate kwa adani. Nthawi yomweyo amayi a wapagolo anatulukira atasenza thumba la chimanga.

"Iwe! Kuchigayo! Magetsi akapita tidya chiyani?"

"Amayi, dikirani pang'ono, ndi penate."

"Penateyo ndiye uphikire nsima?"

Refa anachita kuwapepesa: "Mayi, tibwerekeni mwanayu mphindi imodzi yokha." Amayiwo anatula thumba kuseri kwa golo, n'kuima manja ali m'chiuno. "Ukangouphonya, masewero atalika. Ugwire, tizipita." Ngakhale wapagolo Kennedy Mweene ku Libreville mu 2012, tsiku lomwe Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast 8-7 pamapenate, sanapanikizike chotere. Mwanayo anauluka n'kuugwira, ndipo anzake asanamukumbatire anali atasenza kale thumba. Kuyambira tsikulo kochi amatuma mwana kukawakumbutsa amayiwo za masewero, n'kuwapempha kuti asaiwale chimanga.

*

Panalinso bambo wina amene ankaletsa mwana wake wamkazi kupita kubwalo, ati mtsikana womenya mpira sakwatiwa. Tsiku lina anamva pa wailesi za Barbra Banda: zigoli zitatu, kenaka zitatu zinanso m'masewero otsatira, pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, ndiponso kuti mu 2024 anapita ku Orlando Pride ya ku America. M'mawa mwake anamukweza mwanayo panjinga mpaka kubwalo.

"A kochi, nayu. Ku America apita mwezi uti?"

"Bambo, tiyambe ndi nsapato. Mumugulire."

Bamboyo anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, n'kunena kuti popeza Mulungu anamupatsa luso, ayambe wasewera chopondaponda.

*

Inu amene mukubwera Loweruka, tengani madzi akumwa a ana ndi ndalama ya minibasi. Malangizo musiye kunyumba, kochi alipo kale.