Zithunzi za chinkhoswe zili m'nkhokwe

Alamu anga pochokera ku Joni anandibweretsera kamera yakaunjika, Canon EOS 300D, yolemera bwino, ya lamba wa m'khosi. Inatuluka mu 2003, koma ine nditangoikoleka ndinasanduka katswiri tsiku lomwelo, kayendedwe komwe kanasintha.

Chinkhoswe cha mwana wa achemwali chitayandikira, ndinaletsa zolemba ganyu wojambula. "Ndalamazo muonjezere nkhuku," ndinatero. Ndinali nditamva kuti akatswiri sajambula JPEG, amajambula RAW, ndiye nanenso RAW yomweyo.

Ntchito ndinaigwira, abale. Ndinagwada, ndinakwera pampando, ndinagona chafufumimba pamaso pa ankhoswe akusinthana tambala ndi msoti, suti yanga yokhayo ikusesa bwalo.

M'mawa mwake ndinatenga khadi la CompactFlash kupita kwa mnyamata wotsuka zithunzi. Anayang'ana pakompyuta, n'kuyang'ana ine. "Bambo, zithunzi zake ziti? Ine ndikuona CRW ndi THM basi."

Nkhani yake ili apa. JPEG ndi nsima yophikaphika, kamera yakonza kale kuwala ndi mitundu, inu n'kungosamba m'manja. RAW ndi chimanga cha m'nkhokwe: zonse zimene kamera inaona zilimo, koma pafunika chigayo, pulogalamu yodziwa mtundu wa fayiloyo. Tsono CRW ndi RAW yamakedzana, ya makamera a Canon monga D30 ya mu 2000. Canon inabweretsa CR2 mu 2004, kenako CR3 mu 2018. Nthawi ya CRW mnyamata uja anali akuyamwa.

Anayesa kutsegula THM, kachithunzi kakang'ono koonetsera chabe kamene kamaperekeza CRW iliyonse. Tinakakulitsa, tinatsinzinira, koma mkamwini ndi tambala sitinathe kusiyanitsa.

Achemwali ankaimba foni m'mawa ndi madzulo. "Achimwene, kodi zithunzi zija zinapita ku Joni kukatsukidwa?" Ine ndinkangoti netiweki ikuvuta.

Anandipulumutsa ndi mwana wa neba, wa fomu 3. Anati kampani ya Adobe inatulutsa mtundu wa DNG mu 2004, pamodzi ndi pulogalamu yaulere yosinthira mafayilo oterewa. Anasintha zonse, n'kutulutsamo JPEG, ine ndikumugulira zigumu. Zithunzi zinatuluka zooneka bwino, kupatula zambiri zimene anthu ake analibe mitu, ndipo pamenepo CRW ilibe mlandu.

Inu amene mukusunga zithunzi zakale za CRW pa CD m'sutikesi, zisintheni mukadali ndi mwana wa neba pafupi. Ofuna wojambula pa ukwati, musandiimbire, achemwali anandiletsa.