Odi awiri pa khomo limodzi

Kudera kwathu kompyuta ikadwala, anthu amalozerana kuti, "Pitani nayo kwa bambo a magalasi aja." Bambo a magalasiwo ndine. Kusukulu ya makompyuta sindinapondeko, satifiketi ndilibe, ndipo magalasi enieniwo ndi owerengera nyuzipepala. Ukatswiri wanga wonse unamera pa nthenda imodzi yokha ya m'masiku a Windows 95 ndi Windows 98, nthenda imene ana a lero obadwa foni ili m'manja sanaimvepo: zipangizo ziwiri zabwinobwino, chilichonse chamoyo ndi champhamvu, kulimbirana malo m'mimba mwa kompyuta imodzi mpaka zonse ziwiri kugwa ulesi.

Kompyuta yanga yoyamba inali Pentium yogula pa okushoni ya ofesi ina yomwe inkasintha makina. Inabwera ndi mausi ya kampira kunsi, yolumikiza kumbuyo pa doko lotchedwa COM1, ndipo inkagwira ntchito mwaulemu. Mavuto anabwera ndi alamu anga. Pochokera ku Joni ananditengera modemu ya m'kati, yopanda bokosi, yopanda kabuku, yokulungidwa m'sokosi. Ndinatsegula kompyuta, ndinaisomeka, ndinaitcha COM3 poti nambalayo inkaoneka kuti ilibe mwini. Ndinayimba. Modemu inalira kulira kwake kuja kodzutsa agalu a aneba, n'kulumikiza. Ndinaitana banja lonse kuti lidzaone intaneti.

Banja linabwera, intaneti sinabwere. Tsamba linatseguka mzere umodzi n'kuima. Pokwiya ndinagwedeza mausi, mzere wina n'kutuluka. Ndinasiya, linaimanso. Ndinagwedezanso, chithunzi chinatsika mpaka pa mphumi pa munthu. Pofika madzulo ndinali nditalemba ntchito mwana wanga wachisamba: kukhala pambali panga n'kumapukusa mausi pa tebulo, malipiro masuwiti. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo intaneti inkadutsa mu waya wa telefoni ndipo bilu inkawerenga mphindi. Mwana akatopa dzanja, ndalama zinkangopita osabweretsa kanthu.

Ofufuza matenda sanasowe. Alamu anati ndi vairasi, chifukwa kwa iwo chilichonse, ngakhale fyuzi kupsa, ndi vairasi. Aneba anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu: "Achimwene, munagula chinthu chodula poyera anthu akuona. Si onse amakondwera." Mayi a kunyumba sanafufuze kalikonse. Anangofunsa kuti, "Bambo, ndiye chinthuchi tikulipira kuti mwana azipukusa tebulo?"

Chinsinsi chake ndinachipeza m'buku lina lothothoka chikuto pa msika wa mabuku akale, ndipo ndi chimene chandidyetsa nkhuku za anthu kwa zaka zambiri. Purosesa ndi mwini nyumba wotanganidwa m'kati. Kiyibodi, mausi, modemu, pulinta, onsewa ndi alendo, ndipo mlendo akafuna kulankhula amaima pa khomo lake n'kunena kuti "Odi!" Makomowo ali ndi manambala, ndipo dzina lawo ndi IRQ. Mwini nyumba sayang'ana nkhope. Akamva odi pa khomo nambala 4, amatuluka atakonzeka kale kulankhula ndi amene analembedwa pa khomo nambala 4. Tsono COM1 ndi COM3 onse awiri analembedwa pa khomo limenelo, monganso COM2 ndi COM4 amagawana nambala 3. Modemu yanga inkachita odi mpaka kusasa mawu osamveka, ndipo inkangothandizidwa mausi ikagogoda, poti apo chitseko chatseguka kale.

Mungafunse kuti bwanji osangoboola makomo ena. Funso limenelo mukafunse a IBM. Kompyuta yawo ya mu 1981 inali ndi makomo 8 okha, oyang'aniridwa ndi kachipangizo ka Intel kotchedwa 8259. Mu 1984, pa kompyuta ya PC/AT, anawonjezera 8259 wachiwiri, manambala n'kukhala 16, kuyambira 0 mpaka 15. Koma wachiwiriyo amalowera pa nambala 2 ya woyambayo, ndiye limodzi latha kale. Nambala 0 ndi ya chowerengera nthawi, 1 ya kiyibodi, 6 ya floppy, 7 ya pulinta, 8 ya wotchi, 12 ya mausi ya PS/2, 13 ya chothandizira masamu, 14 ndi 15 za hadi disiki ndi CD. Mukachotsa 3 ndi 4 aja, zotsala zoti anthu wamba tizilimbirana zinali 5, 9, 10 ndi 11. Manambala anayi, ofuna malo khwimbi. Ndipo makadi akale a ISA, aja osomeka m'mipata yakuda yaitali, sankadziwa kugawana.

Mankhwala ake anali kusamutsa modemu. Kunena n'kosavuta. Pa khadi la modemu pamakhala timisomali timizeremizere, ndipo pa tiwiri tina pamavala kachisoti kakuda kapulasitiki kotchedwa jumper. Ukakasuntha kachisotiko, wasintha COM ndi IRQ. Timalemba tosonyeza kuti uku ndi kuti timalembedwa pa khadi pomwepo, tating'ono moti ndikukhulupirira kuti magalasi angawa anayambira pamenepo. Zala zanga ndi za munthu wokulira pa khasu, sizikanatha kukatsina. Ndinabwereka, mosapempha, kachitsulo kamene mayi a kunyumba amazulira nsidze. Kachisoti kanazuka bwinobwino, kanadumpha, kanagunda khoma, kanasowa. Nthawi yomweyo magetsi anathima.

Amene sanakwawepo pansi ndi kandulo kufunafuna chinthu chakuda chochepa kuposa njere ya nyemba, pa simenti yakuda, mkazi wake ataima pakhomo akufunsa za kachitsulo kake, asandiuze kuti amadziwa makompyuta. Kanapezeka m'mawa mwake m'kati mwa silipasi.

Ndinaika modemu pa COM4, IRQ 3, ndili ndi chimwemwe cha munthu wopambana mlandu. Mausi inamasuka, mwana anachotsedwa ntchito. Koma modemu inayamba misala ina, tsiku lina kuoneka, tsiku lina kusowa. Apa ndi pomwe ndinaphunzira kuti IRQ si chinthu chokha cholimbirana. Chipangizo chilichonse chilinso ndi adiresi yake yolandirira ndi kutumizira mauthenga. Ya COM1 ndi 3F8, ya COM2 ndi 2F8, ya COM3 ndi 3E8, ya COM4 ndi 2E8. Ndiye makadi ena a zithunzi a nthawi imeneyo, monga a S3, ankagwiritsanso 2E8 yomweyo, ndipo langa linali limodzi mwa iwo. Mapeto ake ndinalowa mu BIOS, ndinatseka COM2 ya pa motherboard yomwe sinkagwira ntchito iliyonse, modemu n'kulowa m'malo mwake. Intaneti inayenda yokha popanda wopukusa. Bilu ya mwezi umenewo sitiikamba m'nyumba mwathu mpaka lero.

Mbiri inafala. Munthu woyamba kubwera ndi kompyuta pamutu anali alembi a kumpingo kwathu. Yawo inali ndi chizolowezi choipa: akamatayipa pulogalamu ya ukwati nyimbo zikulira chapansipansi, zonse zinkayenda, koma akangolamula pulinta kuti isindikize, nyimbo inkakakamira pa liwu limodzi, sikirini n'kuuma gwa. Alembi anali atayamba kale kukayikira mtundu wa nyimbo zomwe ankamvetsera.

"Akulu a mpingo asamve zimenezi," anatero.

"Musadandaule, alembi, izi ndi za DMA," ndinayankha, nditatsitsa magalasi pa mphuno.

Sanafunse kuti DMA n'chiyani, ndipo ndinawathokoza mumtima chifukwa ndinali nditaliwerenga dzulo lake. Ndi njira imene chipangizo chimatengera kapena kutula katundu mu memory mosadzera kwa purosesa, ndipo njirazo zinalipo 8 zokha, nambala 4 yogwira kale ntchito yolumikiza zinzake. Khadi la mawu la Sound Blaster linkakonda adiresi 220, IRQ 5 ndi DMA 1. Anthu a m'badwo wanga amaloweza mzere wa mu AUTOEXEC.BAT woti SET BLASTER=A220 I5 D1 kuposa tsiku la ukwati wawo. Makadi oyambirira ankabwera ali pa IRQ 7, ya pulinta, ndipo imeneyo inali nkhondo inanso. Kwa alembi vuto linali loti doko la pulinta linaikidwa pa kagwiridwe ka ntchito kotchedwa ECP, ndipo ECP imafuna DMA yakeyake, 1 kapena 3. Yawo inali pa 1, pamodzi ndi nyimbo.

Kukonza kwake kunali kulowa mu BIOS n'kusintha 1 kukhala 3. Ntchito yosakwana mphindi imodzi. Koma ine ndinali nditadziwa kale kuti munthu salipira ntchito ya mphindi imodzi. Ndinatsegula bokosi, ndinapemerera fumbi, ndinagwedeza mutu, ndinati "mmm" motalika, ndinapempha kapu ya madzi. Dzuwa litapendeka ndinasintha nambala ija. Lamulungu lotsatira kunyumba kunafika tambala womangidwa miyendo.

A Microsoft anayesa kundilanda malonda. Windows 95 inabwera ndi lonjezo la Plug and Play, loti ukasomeka chipangizo, kompyuta izigawa yokha ma IRQ ndi ma adiresi, jumper osaikhudzanso. Lonjezo labwino, koma m'makompyuta athu a okushoni munkakhala makadi a mibadwo iwiri. Atsopano ankamvera zogawiridwa, akale a jumper ankangokhala pomwe akhala osauza aliyense, ndiye Windows inkapereka kwa khadi latsopano nambala yomwe ili ndi mwini kale. Pokhapokha utalowa mu BIOS n'kulemba kuti IRQ yakutiyakuti ndi ya Legacy ISA, isagawidwe. Ndipo zosomeka n'kuyenda zokhazo zinachititsapo manyazi ngakhale eni ake. Mu Epulo 1998, pa chionetsero cha COMDEX ku Chicago, Bill Gates ataima pa nsanja kuonetsa Windows 98, wantchito wake Chris Capossela anasomeka sikana ya USB, sikirini yaikulu n'kusanduka buluu anthu onse akuona. Nkhani imeneyi ndinkaifotokozera kasitomala aliyense amene kompyuta yake yandikanika. Ngati zinamuchitikira munthu amene nthawi imeneyo anali wolemera kuposa onse pa dziko, ine wa tambala ndine ndani?

Kunena chilungamo, Windows inatipatsa chinthu chimodzi chothandiza, Device Manager. Mukaitsegula, chipangizo chomwe chili pa mkangano chimaoneka ndi kachizindikiro kachikasu. Mukalowa pa Resources, pansi pake pamalembedwa dzina la mnzake amene akulimbana naye. Masiku amenewo munkachotsa chongi pa Use automatic settings n'kusankha nambala ina yopanda mwini. Zikakanika, njira yachikale sinama: thimitsani, zulani makadi onse osafunikira poyatsa, bwezerani limodzi, yatsani, onani, thimitsani, bwezerani lina. Limene lidzabweretse chisokonezo ndi lomwelo. Muzilemba pa pepala chilichonse mwasintha. Ine ndinkalemba kuseri kwa kalendala, ndipo chaka chitatha mayi a kunyumba anayatsira mbaula mbiri yonse ya makompyuta a m'dera lathu.

Chimene chinandigwetsa si Plug and Play koma makadi a PCI, a mipata yoyera ija. Amenewa anapangidwa odziwa kugawana IRQ imodzi, ndipo akavuta, nthawi zambiri kungosamutsira khadi mu mpata wina kunkakwanira. Kenaka m'malo mwa 8259 kunabwera APIC ndi manambala 24 m'malo mwa 16, mipata ya ISA inatha pa ma motherboard, mausi ndi pulinta zinasamukira ku USB. Makadi a PCI Express a masiku ano sagogoda n'komwe, amangotumiza uthenga kwa purosesa, njira yotchedwa MSI. Anthu amabwerabe kwa ine, koma ndi nkhani zonyozetsa: kuiwala pasiwedi, tiyi mu kiyibodi, chaja chodyedwa ndi khoswe.

Mwezi wathawu mtima wanga unadumpha. Mnyamata wina wojambula mavidiyo a maukwati anabwera ndi kompyuta yaikulu, ataikamo khadi latsopano. Mu Device Manager munali kachizindikiro kachikasu, ndipo pansi pake Code 12, imene imatanthauza kuti chipangizo chasowa malo okwanira oti chigwiritse ntchito. Matenda anga enieni, atabwerera! Ndinauza mayi a kunyumba kuti atereke tiyi. Ndinamukhazika mnyamatayo pa mpando wa alendo, ndinapukuta magalasi, ndinayamba kufotokoza kuchokera mu 1981.

Ndili pakati pa 1984, 8259 wachiwiri asanalowe bwino, ndinaona kuti mnyamata sakundiyang'ana. Anali pa foni. Anadzuka, anathimitsa kompyuta, anazula khadi, analisomeka mu mpata wina, anayatsa. Chikasu chija chinali chitapita.

"Zatheka, madala," anatero. "Ndiye ndikupatseni zingati?"

Mayi a kunyumba anali ataima ndi thireyi pakhomo, akudikira kuti amve yankho. Ndinatsitsa magalasi pa mphuno, ndinati "mmm" motalika, n'kumulipiritsa ya magetsi ndi ya tiyi.