Abambo Aakulu Alibe DOI

Munthu tsitsi likayamba kuthawa pachipumi sayenera kuyambanso sukulu. Ine ndinayamba. Dipuloma ya uphunzitsi ndili nayo kuyambira kale, yosungidwa bwino m'sutikesi pamodzi ndi mtchatho wa ukwati, koma tianyamata timene ndinatiphunzitsa kupenga mamina tayamba kubwera ndi madigiri n'kumandipatsa moni wa dzanja limodzi pamisonkhano ya aphunzitsi kuno ku Chipata. Ndiye ndinalembetsa maphunziro a patali payunivesite ina, aja timakakhala m'kalasi nthawi ya holide yokha, zotsalazo n'kumawerengera pakhonde nkhuku zikudutsa pamabuku.

Mayeso ndinkadutsa chokwawa, koma ndinkadutsa. Chinandigwira pakhosi ndi kafukufuku wa chaka chomaliza. Mutu ndinasankha wapafupi, woti ngakhale njinga itaphulika tayala ndikafikabe wapansi: mmene mwambo wa Nc'wala ungathandizire ana kudziwa mbiri ya kwawo. Kwathu ndi kufupi ndi Mtenguleni, kumene Inkosi ya Makosi Mpezeni amalawa mbewu zoyamba kucha Loweruka lomaliza la Febuluwale. Mwana wa Mngoni angalephere bwanji kulemba za Angoni?

Machaputala awiri oyamba anabwerera ali psuu. A Dokotala ondiyang'anira sanatsutse ganizo langa ndi limodzi lomwe, kaya chifukwa linali labwino kaya sanalipeze. Inki yawo inathera kumasamba akumapeto, kuja timandandalika mabuku amene tagwiritsa ntchito. Apa mpumiro wasowa, apa mpatuliro wachuluka, apa chaka chatuluka m'mikutiro, apa dzina la buku laima chilili pamene liyenera kupendekera. Pansi analembapo kuti nditsate APA 7, ndipeze pulogalamu yondisungira mareferensi, ndipo ndileke kundandalika mabuku ngati mayina a opereka chipepeso pamaliro.

Mawu omalizawo anandipweteka, chifukwa kumpingo kwathu kope la chipepeso ndimagwira ndine, ndipo palibe amene anadandaulapo.

APA, kwa inu amene Mulungu anakupewetsani, ndi malamulo a bungwe la American Psychological Association. Anayamba mu 1929 ali masamba 7 okha. Buku lachisanu ndi chiwiri, la 2019, lili ndi masamba oposa 400. Akatswiri a maganizo a munthu, anthu oti akanatithandiza kugona tulo, anakhala pansi kupangana pamene kadontho kazikhala. Anzanga a gulu lina anauzidwa kutsata Harvard, ndipo ankatukula mapewa poitchula. Sankadziwa kuti kalembedwe kameneka kalibe buku limodzi la malamulo, yunivesite iliyonse imakonza kake, ndipo amene amatchulidwa kuti anakayambitsa ndi Edward Laurens Mark, mu 1881, akulemba za nkhono yopanda chigoba. Ndinawauza zimenezi kuti mapewa atsike. Sanatsike.

Tsono kusankha pulogalamu. Apa ndiye ndinaonetsa luso, chifukwa palibe ntchito yokoma kwa munthu woopa kulemba kuposa kufufuza chida cholembera. Ndinajambula tebulo ndi rula, mizere inayi yowongoka bwino. Ndinatentha bandulo poonera mavidiyo a YouTube a anyamata olankhula mofulumira. Amake ana akafunsa kuti kafukufuku wafika pati, ndinkayankha kuti ndili pa "methodology", iwo n'kubwerera kukhitchini mwaulemu.

EndNote ndiyo inayamba kugwa. Ndi ya kampani ya Clarivate, ndi imene a Dokotala amagwiritsa ntchito, ndipo amene yunivesite yawo sinawalipirire amagula ndi madola oposa 200. Nditatchula mtengowo patebulo, amake ana anasiya kuomola nsima.

"Inu abambo, madola amenewo ndi matumba angati a feteleza?"

Nkhani ya EndNote inathera pomwepo, osafika n'kundiwo komwe.

Mu Word momwemo muli kachipinda ka References, kaulere, kongodikira munthu. Koma laputopu yanga ndinagula kwa mnyamata wina kuseri kwa Down Shops, Word yake ndi ya 2010, ndipo APA 7 inabadwa iyo itakalamba kale. Batire lake limatha tiyi asanazizire. Ukalamba womwewo unandimanitsa Mendeley, imene aphunzitsi anzanga ambiri amalumbirira. Mendeley inayambira ku London mu 2008, kampani ya Elsevier inaigula mu 2013, ndipo imapatsa munthu malo aulere a 2 GB osungira mapepala pa intaneti. Kachida kake kolowetsera mareferensi mu Word kamafuna Word ya 2016 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Laputopu yanga inangondiyang'ana.

Inatsala Zotero. Anabwera nayo ndi mwana wa mlongo wanga, amene amasindikiza mapepala ndi kujambula makadi a ukwati pafupi ndi msika wa Kapata. Iyi inapangidwa ndi anthu a mbiri yakale pa George Mason University ku Virginia, inatuluka mu 2006, ndipo ndi yaulere. Malo ake aulere pa intaneti ndi 300 MB basi, koma mabuku ako onse amakhala mu kompyuta momwemo, intaneti ikhalepo kaya isakhalepo. Amene anakhala m'Zambia mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumabwera pakati pa usiku anthu tili m'tulo, netiweki nayo n'kumapita nawo limodzi, akudziwa kuti nkhani imeneyi si yaing'ono. Chinanditenga mtima kwenikweni ndi china. Mu 2008 Thomson Reuters, eni ake a EndNote panthawiyo, anasumira eni Zotero kukhoti kufuna madola 10 miliyoni, ndipo mu 2009 khoti linataya mlanduwo. Ine chinthu chikazengedwa mlandu wa ndalama zotere n'kutuluka chikuyenda chokha, ndimachivulira chipewa.

"Amalume, onani," anatero mnyamatayo. Anakopera nambala ina yaitali yotchedwa DOI, imene nkhani za m'magazini a ophunzira zimakhala nayo, anaiponya pa kandodo kamatsenga kali pamwamba, ndipo dzina la wolemba, chaka, mutu, masamba, zonse zinadzilemba zokha. Anadina kwina, mndandanda wonse unasanduka Harvard. Anadinanso, unabwerera ku APA. Ndinaimirira n'kuzungulira mpando. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana kuti ulesi sulipira.

Chimwemwecho chinatha nditatsegula chikwama changa. Mabuku a za kwathu kuno ambiri alibe nambala zimenezo. Buku lalikulu la Angoni a Mpezeni ndi la J. A. Barnes, Politics in a Changing Society, la 1954, lolembedwa tauni ino ikadali Fort Jameson, ISBN isanayambe n'komwe. Langa ndi fotokope ya fotokope, chikuto chinasowa, tsamba loyamba lili ndi chidindo cha kapu ya tiyi, ndipo m'mphepete muli ndemanga za munthu amene anamaliza digiri ine ndisanakwatire. La M. G. Marwick la 1965, lonena za ufiti pakati pa Achewa a chigawo chino, chimodzimodzi. Zonsezi ndinalowetsa ndi zala ziwiri, bokosi ndi bokosi, ndipo chimene walowetsa ndi chimene chimatuluka. Ukalemba Branes, pulogalamu imakuikira Branes mwaulemu wonse, mpumiro uli pamalo pake.

Mapepala otola pa intaneti ndiwo anandichititsa manyazi. Pepala lina la wophunzira linalowa wolemba wake ali "Admin", mutu wake uli "Microsoft Word - final final 2". Ine osayang'ana. Kwa kanthawi ndithu chaputala changa chachiwiri chinkanena molimba mtima kuti malinga ndi Admin, Angoni anawoloka Zambezi mu 1835. Chakacho n'choona. Admin sindinakumane naye.

Ndiye pali nkhani ya a Phiri. Kalembedwe ka dzina ndi chaka kanapangidwa ndi anthu amene sanaitanepo mayina m'kalasi ya ku Eastern Province, mmene ukati "Phiri" manja asanu ndi limodzi amakwera, ukati "Banda" theka la kalasi limaimirira. Ine ndinali ndi D. D. Phiri wa ku Malawi, mlembi wa From Nguni to Ngoni la 1982, ndi Kings M. Phiri, katswiri wa mbiri ya Achewa, kuwonjezera a Phiri ena a mapepala a digiri. APA imati olemba a dzina limodzi uziwasiyanitsa ndi zilembo zoyamba za mayina awo, ndipo pulogalamu imachita yokha zimenezi. Nditaona zilembo zikumera m'ziganizo zanga ndinathamangira ku Kapata kukanena kuti laputopu yalowa vairasi. Mnyamatayo anaseka mpaka makasitomala anatembenuka. Anapezanso kuti munthu mmodzi ndinamulowetsa kawiri, kwina D. D., kwina Desmond, ndipo pulogalamu inkawalemekeza ngati anthu awiri osadziwana.

Koma zonsezi ndi zazing'ono. Nkhani yeniyeni ndi ya abambo aakulu, akulu awo a malemu bambo anga.

Ndinapita kumudzi ndi shuga ndi sopo, ndinakhala pansi, iwo pampando wawo wachikopa. Anayamba ndi Zwangendaba ndi dzuwa limene linada masana tsiku lowoloka Zambezi. Anafika pa nkhondo ya 1898, mmene asilikali a Angerezi anagonjetsera Angoni, kupha Nsingo mwana wa Mpezeni ndi kulanda ng'ombe. Anandiuza mmene Nc'wala inazimiririka kuyambira pamenepo mpaka inadzuka mu 1980, iwo ali pomwepo ndi chishango m'manja. Anandiuza amene amaima kuti, amene amalowa m'bwalo poyamba, chifukwa chake ng'ombe ya mwambowo imakhala yakuda. Theka la chaputala chachinayi linatuluka pakamwa pawo madzulo amodzi, ndipo sanayang'ane pa pepala.

Pobwerera ndinafunsa APA kuti munthu wotere timamulemba bwanji. Yankho lake: zimene wakuuza munthu pakamwa, zoti wowerenga sangakazipeze pena pake, uzitchule m'kati mwa nkhani mokha, dzina ndi tsiku, koma pamndandanda wa kumapeto asalowe. Barnes, amene anayenda m'midzi yomweyi m'zaka za m'ma 1940 akufunsa madoda onga agogo anga, ali pamzere wake, dzina la buku lopendekera bwino. Mwini nkhani ali panja. Pamaliro, wopereka mbuzi ukamusiya pakope n'kuwerenga wa K5, sufika kunyumba ndi mano onse.

Ndinaganiza zowalowetsa mozemba. Ndinatsegula mndandanda mu Word n'kuwalemba ndi dzanja pakati pa zilembo zawo. Anakhalamo bwinobwino mpaka ndinadina Refresh, pulogalamu n'kukonzanso mndandanda monga mwa zimene ili nazo m'mimba, abambo aakulu n'kuzimiririka. Mnyamata wa ku Kapata anandionetsa kuti muli mtundu wa "Interview", ndipo tinawalowetsa mwalamulo, dzina, tsiku, zonse. A Dokotala anawapeza. Anawazunguliza ndi inki yofiira, n'kukoka muvi wautali wopita kutsamba la zothokoza.

Ndinapita kukawafotokozera abambo aakulu, chifukwa ndinali nditawalonjeza kale kuti dzina lawo lidzakhala m'buku. Anamvetsera mpaka kumapeto, akutsina fodya.

"Iwe mwana, mzunguyo anawoloka nawo Zambezi?"

"Ayi, Bambo."

"Anavinapo ingoma?"

"Sindikudziwa, Bambo. Koma anasindikiza ku Oxford University Press."

Anakhala chete. Kenako anati tsamba la zothokozalo avomera, malinga akhale pamwamba, ndipo bulangete limene ndinabwera nalo chaka chatha layamba kuonekera kunja.

Vuto ndi lakuti tsambalo lili ndi mzere kale. Pamwamba pali Mulungu, ndipo pamenepo palibe wotsutsa. Amake ana akuti wachiwiri ndi iwo, chifukwa ndalama ya bandulo yonse ija inkachoka m'chitini cha vitumbuwa, ndipo akusunga chiwerengero. Abambo aakulu atumiza mawu kuti chiyambire kuwoloka Zambezi mkamwana sanatchulidwepo patsogolo pa apongozi ake. Mwana wa mlongo wanga akuti iye safuna malo, akungofuna ndimulipire mapepala amene ndinasindikiza pangongole. Ndayang'ana mu Zotero yonse, bokosi la nkhani imeneyi mulibe. Mlandu ukambidwa Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndipo a Dokotala akufuna chaputala chachitatu Lolemba, chimene pakadali pano chili ndi mutu wokha.