Kodi mwana wa zisudzo timamusupa ndi chiyani?

Mnyamata akakhoza mayeso timadziwa chomupatsa. Akamakwatira timadziwanso. Akamanyamuka kupita kutali kukayamba ntchito, mayi ake amamukazingira mtedza, bambo n'kumupatsa ya basi, nkhani yatha. Nanga akamakachita sewero loimba kusukulu, pamaso pa anthu odzaza holo, kholo limamupatsa chiyani? Funso limeneli ndafunsa anthu ambiri kuno ku Nkhotakota, ndipo aliyense wandiyankha zakezake.

Wanga ali Folomu 3. Teremu yonse ino iye ndi anzake akhala akukonzekera sewero limene aphunzitsi awo alemba, lonena za Linga wakale, nthawi ya a Jumbe ochita malonda a akapolo. Muli kuyankhula, muli kuimba, muli kuvina. Iye ndi mmodzi mwa anthu ogwidwa amene akudikira chombo pagombe, ndipo pali pena pamene anzake onse amakhala chete, iye n'kuimba yekha. Mawu ake angoyamba kumene kukhala a chibambo, moti akakweza kwambiri amasweka. Ndiye madzulo, asodzi akamakankha mabwato ndi nyali zawo kupita ku usipa, iye amatsetserekera kumchenga kukaimbira nyanja, poti kumeneko alongo ake samuseka. Ndinamuonera patali tsiku lina mwera ukuwomba, kapepala kudzanja lamanja, lamanzere lili pakhosi, akubwereza mzere umodzimodzi mpaka mdima kugwa. Munthu wovutika chonchi n'kungomuuza kuti "wachita bwino", basi?

Kwathu kuno wovina sabwerera chimanjamanja. Pa chioda mayi akadula bwino, mnzake amalowa m'bwalo ndi nthungululu, n'kumusupa anthu onse akuona. Pa malipenga anyamata akaponda mofanana, mabadza akulira, amayi amathamanga kukawapukuta thukuta ndi mpango. Ngakhale gule wamkulu timamusupa. Kuthokoza kwathu n'kwa pompopompo: waona chabwino, dzuka, pereka. Koma aphunzitsi atiuza kale kuti pa tsikulo aliyense akhale pampando pake mpaka sewero lithe. Ndawamvetsa. Kapolo ali mkati molira, ine n'kukwera pansanja ndi K1,000 kumanja, anthu akhoza kuseka pamalo polira, ntchito ya ana yonse n'kuwonongeka. Komabe mtima ukufunsa: chimwemwe chija chimene chimatidzutsa m'bwalo, mu holo timapita nacho kuti?

Mdzukulu wa achemwali anga, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, akuti kumaiko a azungu wosewera amapatsidwa maluwa akamaliza. Ndinamufunsa kuti maluwa ake ati, nanga mnyamata amatani nawo akalandira? Adutsa nawo pamsika wa pa boma atawanyamula? Pakatha masiku ochepa afota, ndiye atsala ndi chiyani? Mwina kumeneko maluwa amanena zomwe kusupa kumanena kuno. Ngati zili choncho ndi mwambo wabwino, koma ndi wa eni ake, ndipo mwana wanga sangaumve.

Anzanga a pa bawo sanachedwe n'komwe: "Mugulireni foni, achimwene, ana a masiku ano chawo n'chimenecho." N'zoona, foni wakhala akuilira. Angamajambule mawu ake n'kumadzimvera pomwe akulakwitsa, angamaonere pa YouTube mmene ena amachitira. Koma foni yotere mtengo wake ndi matumba angapo a mpunga, ndipo ikabwera imafuna bandulo sabata ndi sabata, kusukulu nakonso saloledwa kukhala nayo. Chinanso, akadzaiona pakatha chaka, adzakumbukira sewero lija, kapena adzangoona foni? Ena anati nsapato, ena jekete ya pa kaunjika. Zimenezotu ndi udindo wanga kale, sewero likhalepo lisakhalepo. Ndipo m'seweromo iye ali chosavala nsapato, atavala chiguduli.

Gitala inandikopa kwambiri. Ndinakaima nthawi yaitali ndikuiganizira. Kenaka ndinakumbukira Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, m'mbali mwa nyanja yomweyi, amene babatoni wake wa chingwe chimodzi anadzipangira yekha, nyimbo zake n'kumveka mpaka kunja kwa dziko. A Madalitso Band nawonso anayambira m'misewu ya ku Lilongwe ndi babatoni wopanga okha, lero amakaimba ku Ulaya. Kodi ndiye chimene chimapanga woimba n'chipangizo chogula? Kapena ndingomutengera kwa mkulu wosema ng'oma, akakhale naye, akaone mmene amakungira chikopa, mmene amamatira phula pakati, mmene amaiwambira pamoto kuti ilire bwino? Koma mwanayu si woimba ng'oma. Chipangizo chake ndi khosi. Khosi umaligulira chiyani?

Agogo ake okha ndiwo anayankha funso limenelo osaganiza kawiri. Anatumiza kabotolo ka uchi wochokera kwa alimi a njuchi a kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota, ndi mandimu m'kathumba, n'kulamula kuti azimwa m'madzi ofunda ndipo asiye kuimbira pamphepo. Pa anthu onse amene ndinawafunsa, ndi iwo okha amene anayamba aganiza za chimene mwanayo akusowa sabata ino.

Amalume ake ndiye anabwera ndi nkhani ina. Iwo akuti ndisamupatse kalikonse. "Alamu, mukamufupa pa zamasewerazi mwamuuza kuti mabuku alibe ntchito. Chaka chamawa ali ndi MSCE. Zisudzo anadya ndani?" Sindinawatsutse, poti ndi eni mbumba, ndipo mantha awo ndi anganso. Tonse taona aluso otchuka amene dzina lawo linadzaza dziko koma m'thumba mulibe kanthu. Koma pali zina zimene sindikuzimvetsa. Mwana amene walephera Chingerezi satenga satifiketi ya MSCE. Mwana yemweyu m'kalasi amawerenga Macbeth, lomwe ndi sewero, ndipo akaliyankha bwino pa mayeso timati ndi wanzeru. Nanga bwanji akaimirira n'kuchita sewero ndi thupi lake timati akutaya nthawi? Kusiyana kwake kuli pati? Chiyambireni zokonzekerazi, mwana amene ankayankha mlendo akuyang'ana pansi tsopano amayankhula mawu omveka, maso ali pa munthu. Chimenechi si phunziro?

Ndipo amene anayambitsa mpikisano wa zisudzo m'sukulu za sekondale m'dziko muno ndi aphunzitsi a Chingerezi eni ake, a bungwe la ATEM. Du Chisiza Jr anadziwikira kumeneko: mu 1982, ali mwana wasukulu pa HHI ku Blantyre, sewero lake The Deceased's Attack linapambana. Mu 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, pambuyo pake anakhalapo nduna ya boma, ndipo pomwalira mu 1999 anali atasintha mmene Amalawi amaonera zisudzo. Gertrude Kamkwatira anadutsa m'manja mwake asanayambitse gulu lake la Wanna-Do. Izeki ndi Jakobo anatiseketsa zaka zambirimbiri, uku akutiuza zoona zimene ena ankaopa kunena. Michael Usi, amene tinkamudziwa kuti Manganya pa Tikuferanji, anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Sindikunena kuti wanga adzafika kumeneko, ndipo sindikumukankhira. Ndikungofunsa kuti anthu amenewa ali ana, tsiku limene anakwera pansanja koyamba, kunyumba kwawo anawalandira bwanji? Analipo wowauza kuti taona?

Palinso funso la nthawi. Mphatso imaperekedwa sewero lisanachitike kapena litatha? Ndikaipereka litatha, ndipo mawu aja amuthawa pakati pa nyimbo anthu n'kuseka, adzaiona ngati chipepeso. Akachita bwino adzaiona ngati malipiro, n'kumaganiza kuti akanalakwitsa sakanailandira. Chonsecho chimene ine ndikufuna kuthokoza chachitika kale: madzulo onse aja a kumchenga. Msodzi amene wachezera usiku wonse panyanja n'kubwera ndi usipa wosadzaza chigoba, kunyumba amamuphikirabe nsima. Ndiye mwina yoyenera ndi kuperekeratu, m'mawa wa tsikulo, asanadziwe aliyense kuti zikathera pati.

Chimene chandivuta koposa n'chakuti m'seweromo sali yekha. Muli ana oposa makumi awiri. Muli mtsikana amene wasoka zovala zonse ndi singano ya pamanja. Muli mnyamata woimba ng'oma amene adzakhala kuseri kwa nsalu, anthu osamuona n'komwe, koma akaphonya iye nyimbo ya mwana wanga yagwa. Ena mwa anawa amakhala ndi agogo okalamba, ena makolo awo ali ku Joni, ena kwawo ndi kutali ku Dwangwa. Kodi ine n'kufika ndi kaphukusi kokulunga bwino, n'kupatsa wanga yekha enawo akuyang'ana, ndachita chabwino? Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Gulu la malipenga likapita kukavina mudzi wina, eni mudzi amaphikira onse, safunsa kuti waponda bwino ndani. Bwanji pa ana asukulu tikufuna kusankha mmodzi?

Tsiku lina usiku ndinapempha kuti andionetse sewero lenilenilo, lolembedwa. Anatulutsa m'thumba la kabudula timapepala tinayi tong'ambidwa m'kope, topindapinda, tina tonyowa ndi thukuta mpaka inki kufalikira, pakona pena pali dontho la mafuta a nsomba. Pamenepo pali mawu ake okha, ndi mawu otsiriza a amene amayankhula iye asanayambe. Sewero lathunthu lili ndi aphunzitsi, kope limodzi. Nyimbo sizinalembedwe paliponse, zili m'mitu mwa ana. Ndinafunsa kuti, "Nanga mukamaliza, zimenezi zipita kuti?" Anati, "Zithera pomwepo, ababa." Zoona? Ntchito ya teremu yathunthu ithere usiku umodzi?

Ndipo si nkhani wamba imene anawa anyamula. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840, ndipo kuchokera pagombe lino zombo zinkawolotsa anthu ndi minyanga kupita kutsidya, ulendo wa pansi mpaka ku Kilwa. David Livingstone anafika kuno m'zaka za m'ma 1860, ndipo mkuyu umene amati anakhala pansi pake pokambirana za malonda oipawa udakalipo, kufupi ndi tchalitchi cha All Saints ndi chipatala cha St Anne's. Ulamuliro wa a Jumbe unatha m'zaka za m'ma 1890. Timadutsa pamtengo umenewu popita kukaona odwala, koma ndi angati a ife amene tinaimapo ndi mwana n'kumufotokozera? Wanga anandifunsa kuti, "Ababa, anthu ankakwezedwa m'zombowo anali abale athu?" Funso limeneli silinachokere m'buku la mayeso. Lachokera pa kuvala chiguduli n'kuima pamalo pa munthu amene sanabwererenso kwawo. M'gulu lawolo muli Asilamu ndi Akhristu, ana a mabanja amene makolo awo akale mwina anali mbali zosiyana za nkhani imeneyi, ndipo akuimba limodzi. Ine ndikuona kuti chinthu chotere n'chofunika kusungidwa.

Apa m'pamene maganizo anga aima. Ndapita kwa aphunzitsi kukapempha kope lawo lija, ndipo avomera ndi chimwemwe. Ndikalitayipitsa pa boma, pamodzi ndi mawu a nyimbo zonse, ndi mayina a ana onse mpaka woimba ng'oma ndi wosoka uja, n'kulimangitsa ndi chikuto cholimba. Kumapeto ndisiyako masamba opanda kanthu, kuti ngati ali ndi zake zimene akufuna kulemba apeze poyambira. Wojambula zithunzi wa pamsika ndamuuza kale kuti adzabwere, chithunzi cha gulu lonse chidzatsukidwe, osati chongokhala m'foni ya munthu. Mtengo wa zonsezi sufika ngakhale theka la foni ija. Buku limodzi ndi la mwana wanga, ndipo ndidzamupatsa m'mawa tisananyamuke. Lina lidzakhala kusukulu, kuti a Folomu 1 a chaka chino adzalipeze.

Kodi mnyamata wa msinkhu wake angakondwere ndi buku pamene mtima wake unali pa foni? Mayi ake akuti mwina poyamba adzangoti "zikomo" wa ulemu, koma adzalisunga. Amalume ake sanasinthe maganizo, komabe afunsa kuti sewerolo liyamba nthawi yanji, ndipo ndawasungira mpando. Za kusupa ndafunsanso aphunzitsi: akuti ana akamaliza, akatuluka panja, palibe choletsa. Ndiye ndalama zanga zosupira ndasintha kale kukhala zing'onozing'ono kuti zikwanire manja ambiri, ndipo mayi ake akuti nthungululu zawo adzaziimbira pomwepo.

Chatsala ndi chakudya. Anawa adzakhala pasukulu kuyambira m'mawa, ndipo sewero likamatha njala idzakhala itawapweteka. Inu makolo amene ana anu ali m'gulu limeneli, mpunga wa faya ndibweretsa ine, nkhuni ndi mapoto zilipo. Amene ali ndi bwato atithandize ndiwo, ndipo amene alibe kanthu abwere ndithu adzakhale mu holo, mwana wake adzamuone.