Katswiri wa galimoto zopanda denga yemwe yake ndi yokankha

Dziko la Britain, komwe mvula imagwa osayang'ana kalendala, ndi lomwe linatchuka ndi galimoto zopanda denga. Musafunse chifukwa. M'chaka cha 1962 chokha, dzikolo linatulutsa galimoto zitatu zomwe madoda a kumeneko amazilirabe mpaka lero: MGB, Triumph Spitfire ndi Lotus Elan. Zonse zinali za mipando iwiri, zogwa pansi moti woyendetsa amangotsala pang'ono kukhala pa phula, injini kutsogolo, mphamvu kumatayala a kumbuyo, giya yosintha wekha, ndi denga la lona lopinda dzuwa likati litulukeko.

Mlembi wanuyu amazidziwa zonsezi pamtima, ngakhale yake ndi kagalimoto ka injini ya 660cc komwe kanalowa m'dziko muno kuchokera ku Japan katatopa kale. Ukatswiri wake anautola m'magazini akale a pamsika ndi pa foni, usiku, bandulo ikamapuma wefuwefu. Anzake a pa bawo amamutcha injiniya, ndipo iye amayankha monyadira, osadziwa kuti akumulawula.

Chinkakoma n'chiyani m'galimoto zimenezi? Liwiro ayi. MGB inali ndi injini ya malita 1.8, ndipo Corolla ya masiku ano ikhoza kuisiya ikupuma fumbi. Chinsinsi chinali kupepuka. Colin Chapman, yemwe anayambitsa Lotus, ankakhulupirira kuti kuwonjezera mphamvu kumathandiza pamsewu wowongoka pokha, koma kuchotsa kulemera kumathandiza paliponse. Elan yake, ya thupi la fibreglass, inkalemera makilogalamu pafupifupi 680. Kwa ife ozolowera sikelo ya pa chigayo, amenewo ndi matumba pafupifupi 14 a chimanga. Galimoto yopepuka chotero imamvera chiwongolero usanamalize n'kuganiza komwe, imaima msanga, ndipo kamwala kalikonse komwe tayala laponda umakamva m'manja. Pa liwiro lomwe wapolisi wa pamsewu sangakudzukire n'komwe, iwe mtima uli kale m'mwamba.

Koma zinali ndi makhalidwe ake. Oyilo ankadontha, dzimbiri linkadya thupi, denga linkalowetsa mvula yomwe ija, ndipo zamagetsi za kampani ya Lucas zinkazima nthawi yomwe zafunira, mpaka eni galimoto anamutcha Joseph Lucas kalonga wa mdima. Apa mlembi wanuyu amamva kuti iye ndi azungu aja ndi fuko limodzi. Naye amaimika kagalimoto kake potsetsereka, chifukwa batire lomwe makaniko anamuuza kuti asinthe chaka chatha akulipemphererabe, ndipo ana a m'dera lake akamuona akutuluka ndi makiyi amabalalika, podziwa kuti ntchito yokankha yayandikira.

Zambiri mwa galimotozi zinkagulitsidwa ku America, ndipo malamulo a kumeneko atakhwima, mu 1974 MGB anaiveka mabampa akuda a labala n'kuikwezako m'mwamba, kukoma kwake pokhota n'kuchepa. Mu 1980 fakitale ya ku Abingdon inatsekedwa, itapanga MGB zoposa 500,000. Chaka chomwecho Spitfire nayo inatsanzika.

Amene anadzutsa malirowo ndi a ku Japan. Mtolankhani wa za galimoto wa ku America, Bob Hall, anauza Kenichi Yamamoto wa ku Mazda kuti dziko likusowa kagalimoto kotsika mtengo kopanda denga, kofanana ndi ta ku Britain tija. (Mlembi wanuyu amaikonda mbali imeneyi, chifukwa ikusonyeza kuti pali atolankhani omwe mabwana amawamvera. Iye ngakhale galu wa pakhomo pake samumvera.) Mu February 1989, ku chionetsero cha galimoto cha ku Chicago, Mazda inavundukula MX-5. Nkhope yake inkakumbutsa Elan, nyali zake zinkatukuka pa boneti ukaziyatsa, injini inali ya malita 1.6, kulemera kosafika tani imodzi. Chachilendo chinali chakuti m'mawa inkalira ukangopotokola kiyi, pansi sipankapezeka dontho la oyilo, ndipo denga unkalitsitsa ndi dzanja limodzi uli pampando.

Anthu anaigula ngati alodzedwa. Mu 2000 buku la Guinness linailemba kuti ndi galimoto yamasewera ya mipando iwiri yogulidwa kwambiri padziko lonse, ndipo mu 2016 fakitale ya ku Hiroshima inatulutsa ya nambala 1,000,000. Mtundu wachinayi, womwe unayamba kugulitsidwa mu 2015, unabwerera ku makilogalamu pafupifupi 1,000, pomwe galimoto zina zonse zikunenepa chaka ndi chaka. Chomwe chimamuseketsa mlembi wanuyu n'chakuti a ku Britain enieniwo, m'zaka za m'ma 1990, anayamba kuitanitsa MX-5 zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, komwe zinkatchedwa Eunos Roadster, poti chiwongolero chili kumanja monga kwawo ndi kwathu kuno. Tikamadikira zathu ku Songwe, tidziwe kuti mwambowu si wathu tokha.

Ku Britain nako moto sunazimiretu. Mu 1973 kampani ya Caterham inagula ufulu wopanga Lotus Seven, galimoto ya mu 1957, ndipo ikuipangabe. Mtundu wake wopepukitsitsa, Seven 170, umalemera makilogalamu 440, matumba osakwana 9, ndipo injini yake ndi ya Suzuki, ya 660cc. Mlembi wanuyu atawerenga zimenezi anapita kukatsegula boneti ya kagalimoto kake n'kuima chilili, akuyang'ana injini mwaulemu. Ndiye kuti nthawi yonseyi wakhala akuyendetsa msuweni wa galimoto yamasewera! Vuto linabwera atakwera sikelo. Iyeyo ndi matumba awiri odzaza bwino, kutanthauza kuti akakhala mu Seven 170 awonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake, ndipo thukuta lonse la mainjiniya litha ndi nsima ya masana amodzi. Ndipo galimotoyo ndi yopapatiza, yolowera pamwamba. Kulowa angalowe, koma kutuluka kufunika ana othawa aja.

Morgan, ya ku Malvern, ikugwiritsabe ntchito mtengo wa ash popanga chimango cha thupi, ngakhale Plus Four ya mu 2020 ili ndi injini ya BMW. Ndi yokongola, koma mtengo wake ndi wa nyumba ya malata ndi mpanda womwe. Alpine A110 ya ku France ndi Toyota GR86 zimakhota mokoma, koma denga lake ndi lokhazikika, choncho sizili m'gulu.

Yomwe imamukhumudwitsa ndi MG ya lero. Dzinali tsopano lili m'manja mwa kampani ya SAIC ya ku China, ndipo inatulutsa Cyberster, yamagetsi, yopanda denga, ya zitseko zotsegukira m'mwamba. Imathamanga moti MGB singaione n'komwe, koma imalemera pafupifupi matani awiri, matumba oyandikira 40. Imeneyo ndi lole yovala suti.

Maloto a mkuluyu ndi kutsetsereka mapiri a Golomoti mu MX-5, denga lili pansi, mphepo ikuseweretsa tsitsi lomwe linasamuka kale. Atawafotokozera mayi a kunyumba, iwo sanasiye n'kupeta mpunga komwe.

“Mipando iwiri? Nanga ana, bambo? Nanga amayi akafuna kupita ku chipatala? Nanga kumaliro mudzanyamula ndani?”

Iye anayankha kuti ubwino wake ndi womwewo, palibe wopempha kukwera. Tsikulo ndiwo anadya za dzulo. Mayiwo anawonjezera kuti galimoto yogwa pansi chotero idzakanirira pa hampu yoyamba, ndipo fumbi la mu October lidzamusandutsa chiboliboli asanafike pa msika. Mfundo zonsezi zinali zoona, zomwe zinamupweteka koposa.

Ngakhale zili choncho, chigamulo cha katswiriyu sichinasinthe. Caterham ndi ya anthu owonda ndi olimba mtima, Morgan ndi ya olemera, Cyberster ndi ya okonda kujambulidwa. Yofika pa kukoma kwa MGB ndi Elan, popanda kugona pansi pake Loweruka lililonse ndi sipanala m'manja, ndi Mazda MX-5. Owerenga amene ali nayo, ndipo ali ndi mtima wachifundo, adziwe kuti mlembi wanuyu amapezeka Lamlungu masana, ali ndi laisensi, ndipo walonjeza kubwera asanadye.