Lole ya kabichi imene inasokosetsa pa Lizulu

Sabata yathayi pa Lizulu mtengo wa feteleza unayamba wapuma pakamwa pa anthu. Nkhani inali ya Canter yoyera imene inazima itasenza kabichi ndi mbatatesi, itangochoka pamsika ulendo wa ku Limbe. Inatsokomola kawiri, n'kudzikoka pang'ono, kenako zii, m'mbali mwa msewu wa M1. Poti pano msewu womwewo ndiwo malire, anyamata a kabaza anayamba ndi kukangana ngati loleyo yafera ku Malawi kapena ku Mozambique. Anamvana kuti popeza yaima kumanzere, maliro ndi athu.

Oyamba kupeza chifukwa anali amayi a tomato. Iwo anati m'mawa womwewo dalaivala anakangana ndi anyamata opakira katundu pa nkhani ya malipiro, ndipo mmodzi anamveka akuti, "Tiona ngati mukafike." Kwa amayiwa mlandu unathera pomwepo. Wometa tsitsi anatulutsa mutu pakhomo n'kunena kuti ndi batire, koma dalaivala atapotoza kiyi, sitata inazungulira mwamphamvu moti aliyense anadzimvera yekha. Mnyamata wina wa njinga yamoto anati asinthe mapulagi. Apa m'pamene anadzuka madala ena amene anayendetsapo mathankala a mafuta njira ya ku Beira. Ndodo ikuloza injini, anafotokoza kuti dizilo sayatsidwa ndi moto wa pulagi ngati petulo. Injini imapanikiza mpweya mpaka utatentha koopsa, manozo n'kupoperamo mafuta, mafutawo n'kuyaka okha. Anati umu ndi mmene Rudolf Diesel anaikonzera ku Germany, injini yake itayenda bwino mu 1897, ndipo mfundoyo sinasinthe. Mnyamata uja anati, "Chabwino madala, ndiye ilizeni." Anthu anafa nacho chikhakhali, madalawo n'kusekera limodzi.

Ku tiyirumu chigamulo chinali choopsa: pampu yapita, eni ake agulitse ng'ombe. Eni akewo anali pafoni ali ku Limbe, ndipo mawu awo ankamveka kwa aliyense amene anaima pafupi. Iwo analibe nazo ntchito za pampu. Ankafuna kudziwa kuti dizilo amene anapereka ndalama zake dzulo wapita kuti.

Dalaivala anali atanena kale mawu ofunika kuposa onsewa, koma palibe anawatola. Anati kwa masiku angapo galimotoyo imalira bwinobwino ikaima, imayendanso bwino pachidikha, koma ikangoona chitunda ndi katundu kumsana mphamvu zimathawa. Galimoto ya dizilo ikamachita zimenezo, kawirikawiri imakhala kuti mafuta akufika koma mopereŵera. Oyendera pang'onopang'ono akukwana, okwerera phiri ayi. Malo oyamba kuyang'ana ndi fyuluta, kachipangizo kotchipa kuposa zonse zimene anthu anazitchula tsikulo.

Makanika anafika panjinga yamoto kuchokera ku Ntcheu, mnyamata wake atakumbatira thumba la masipanala. Sanatsegule kanthu. Anangofunsa kuti, "Achimwene, mafuta munathira kuti?" Dalaivala anayang'ana kumbali. Yankho aliyense ankalidziwa. Dizilo wathu amayenda ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo ndalama zakunja zikasowa, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012, mu 2022 komanso mu 2024, mizere imatalika ndipo zigubu zimatuluka m'makhonde. Bungwe loona za mafuta la MERA lachenjeza kangapo za malonda amenewa, koma munthu amene wanyamula kabichi sangagone pamzere masiku awiri. Sindimuweruza dalaivalayo. Chovuta n'chakuti chigubu sichinena zimene chinasungapo. China chinali cha mafuta ophikira, china chotungira madzi, china chinadzazidwa kuchokera mu diramu la dzimbiri, ndipo ogulitsa ena amaonjezamo palafini, amene alibe kuterera kumene pampu ndi manozo zimadalira kuti zisadyeke.

Makanika anapempha botolo loonekera mkati, n'kumasula kotsekera kunsi kwa fyuluta. Zimene zinatuluka zinagawikana pawiri anthu akuona: pansi madzi a bii, pamwamba dizilo. Lita ya madzi imalemera kilogalamu imodzi pamene ya dizilo ndi pafupifupi magalamu 840, n'chifukwa chake madzi amakhala pansi nthawi zonse. Botololo linazungulira msika wonse. Amayi a tomato anati ndi umboni wakuti wina anathira madzi dala. Makanika anati ena anabwera ndi chigubu, ena anabadwira mu thanki momwemo, chifukwa thanki ikagona yosadzaza malo ozizira ngati kuno, chinyezi cha mumpweya chimasanduka madontho m'makoma mwake. Mayi wina anati, "Ndiye kuti thanki imachita thukuta?" Makanika anati eya, n'kupitiriza ntchito.

Kasinthidwe kake kanali kosangalatsa kuonerera chifukwa munthuyo sanapupulume. Anayamba wapukuta fumbi lonse pamutu pa fyuluta. Atamasula yakaleyo anapisa chala m'mwamba n'kutulutsa kalabala kakale kamene kanatsalira. Kakadatsala, kakadapanikizana ndi katsopano n'kusiya mpata woti mpweya uziloŵera. Labala ya fyuluta yatsopano anaipaka dizilo woyera, n'kuimanga ndi manja basi, sipanala ili pansi.

Mkangano waukulu wa tsikulo unabuka pomwepa. Madala a mathankala aja anati fyuluta yatsopano amayamba aidzaza dizilo asanaimange, ndipo iwo anachita zimenezo zaka zonse popanda vuto. Makanika anayankha mwaulemu kuti, "Zoona madala, pa galimoto zanu zija zimatheka." Koma Canter iyi ndi ya injini zatsopanozi za common rail. Manozo akale ankatseguka pa mphamvu ya mabar 200 kapena chapompo, pamene zatsopanozi zimapanikiza mafuta mpaka mabar 1,600 ngakhale kupitirira, kudzera m'timabowo ting'onoting'ono kwambiri. Fyuluta yake imagwira tizinyalala ta mamaikiloni 5 ngakhale kucheperapo, pamene tsitsi la munthu ndi pafupifupi mamaikiloni 70. Dizilo wothiridwa pabowo lapakati amakhala walambalala sefa, ndipo amapita molunjika ku pampu ndi zonse zimene wanyamula. Madala anapukusa mutu n'kunena kuti galimoto za masiku ano n'zachibwana. Ine ndinaona kuti onse awiri amanena zoona, aliyense za nthawi yake.

Amene sananene zoona ndi bambo wina amene analangiza kuti akanangoitsuka yakaleyo ndi petulo, kapena kuiboola ndi msomali kuti akafike ku Limbe. Akafikadi, koma zinyalala zonse zimene fyulutayo inaziletsa zikadakaloŵa m'manozo, ndipo ng'ombe za ku tiyirumu zija zikadagulitsidwadi. Fyuluta yotsekeka ndiye kuti yagwira ntchito yake mpaka pomaliza.

Kenako mnyamata wa masipanala anamasula kabawuti kotulutsira mpweya n'kuyamba kupopa ndi chikhatho. Kunatuluka thovu, thovu, mpaka dizilo weniweni. Atatseka, dalaivala anapotoza kiyi, injini n'kulira. Akabaza anaimba mabelu, wometa tsitsi anati ankadziwa. Patangopita mphindi zochepa inazimanso.

Chimwemwe chimene chinali pa mabenchi a tomato sindingachifotokoze. Dalaivala anakakamira pa kiyi mpaka makanika anamugwira dzanja, kumuuza kuti sitata ikazungulira nthawi yaitali osapuma imapsa. Wina anati amasule mapayipi achitsulo opita ku manozo monga ankachitira kale, makanika anakana kwa mtu wa galu: pa injini zotere mafuta a m'mapayipi amenewo angathe kuboola khungu n'kuloŵa m'thupi, ndipo munthu angaduke nacho chala. Anatsegula chivindikiro cha thanki kuti amve ngati chikoke mpweya, poti kabowo kopumira kakatsekeka mafuta amakanika kutuluka. Chinali bwinobwino. Ndiye anaika kapayipi koonekera mkati pakati pa thanki ndi fyuluta, mnyamata n'kupopanso. Timathovu tinkadutsa mondondozana. Anatsata payipi ya labala ndi zala mpaka anapeza mng'alu pafupi ndi chomangira. Anthu anadabwa kuti bwanji sipankadontha mafuta. Mbali imeneyo pampu imachita kukoka, ndiye mng'alu umayamwa mpweya m'malo motaya dizilo, ndipo pansi pamakhala pouma. Anadula pong'alukapo, n'kumanganso, n'kupopanso. Ulendo uno inalira osazima.

Madzulo ake aliyense anali atapambana. Amayi a tomato akuti mng'aluwo sunabwere wokha. A ku tiyirumu akuti pampu ikadali paulendo, tingodikira. Wometa tsitsi akuti batire ikanakhala yofooka zonsezi sizikanatheka, choncho nkhani inali ya batire ndithu. Makanika anauza eni ake pafoni kuti thanki iyenera kutsitsidwa n'kutsukidwa, apo ayi fyuluta yatsopanoyi itsekekanso posachedwa. Eni ake anati aziona katundu akatsika, ndipo anafunsa ngati mtengo wa fyuluta sungatsikeko. Dalaivala anagula fyuluta yachiwiri ndi ndalama yake ya chakudya n'kuiika kuseri kwa mpando. Akabaza pano akubetcherana: ena akuti ibweranso tsiku la msika likudzali, ena akuti sidutsa pa Zalewa.